Kawerengedwe ka Masewero Othera M'tsoka Okamba za Chilakolako ndi Malire a Amuna ndi Akazi

Wowerenga akakumana ndi sewero lomwe mkazi wakonda munthu woletsedwa n'kuthera kumanda, amathamangira kuweruza kuti mkaziyo anachimwa kapena analakwiridwa. Kuweruza msanga kotereku kumatseka pakamwa sewerolo lisanayambe n'kulankhula komwe. Njira yopindulitsa ndi kuyamba mwafufuza lamulo limene likuyendetsa nyumba ya m'seweromo, chilakolakocho n'kuchiona pambuyo, pakuti tsoka limabadwa pamene mtima wafuna chinthu koma makomo onse otulukira ali otseka.

Yambani ndi kulemba zimene mwamuna akuloledwa ndi zimene mkazi akuloledwa m'dziko la sewerolo, monga momwe apangankhaniwo akuzionera, osati momwe inuyo mukadakondera. Tengani sewero la Euripides lotchedwa Medea, lomwe linaonetsedwa ku Athens m'chaka cha 431 Khristu asanabadwe. Jason akusiya mkazi wake Medea kuti akwatire mwana wa Creon, mfumu ya ku Corinth, ndipo palibe lamulo lomuletsa. Mwiniwakeyo akuti akuchita zimenezi pofuna kutukula banja. Medea ndi mlendo wochokera ku Colchis, yemwe anapandukira abale ake chifukwa cha mwamunayo, kotero alibe kwawo koti n'kubwerera. Oonera sewerolo ankadziwanso kuti kuyambira m'chaka cha 451 lamulo la Pericles, mtsogoleri wa mzindawo, linkati nzika ya Athens ndi yokhayo yobadwa kwa bambo ndi mayi a mumzindawo, zimene zinkasiya ana a mkazi wachilendo opanda pogwira. Mukadziwa zimenezi, kupha ana kwa Medea kumakhalabe koopsa, koma mumamvetsa chifukwa chimene mlembi anamupatsira mpata wodandaula kwa nthawi yaitali za moyo wa akazi asanachite chinthu chosakhululukikacho.

Kenaka funsani kumene sewerolo likuti chilakolako chachokera. Mu Hippolytus, la Euripides yemweyo la m'chaka cha 428, mulungu wamkazi Aphrodite akuonekera koyambirira n'kunena poyera kuti ndi iye wayika chikondi mumtima mwa Phaedra, mkazi wa mfumu Theseus, pa Hippolytus, mwana womupeza, pofuna kulanga mnyamatayo chifukwa chomunyoza. Jean Racine atalembanso nkhaniyi ku France mu 1677, sanabweretse mulunguyo pabwalo, ndipo anawonjezera mtsikana Aricie woti Hippolyte (Hippolytus) amukonde, kuti nsanje nayo ilowe mumtima mwa Phèdre (Phaedra). Nkhani ndi imodzi, koma kulemera kwa mlandu kwasuntha, ndipo wowerenga wosamala ayenera kunena kumene kwasunthira.

Chofunika kwambiri, m'kuona kwanga, ndi kutsatira momwe chinsinsi chikuyendera kuchoka pakamwa pa uyu kupita kwa uyo. Phaedra anapirira chikondi chake ali chete, akukana chakudya, ndipo anadzimangirira pokhapokha mlezi wake ataulula nkhaniyo kwa Hippolytus. Kalata yonamizira mnyamatayo anaisiya pofuna kuteteza dzina lake ndi la ana ake. Choncho chongani malo onse amene munthu watsopano wamva chinsinsi, ndipo antchito a m'nyumba musawanyalanyaze, chifukwa kawirikawiri ndiwo amaona zonse ngakhale alibe mphamvu yoletsa kanthu.

Sewero labwino kuphunzirirapo luso limeneli ndi La casa de Bernarda Alba la Federico García Lorca, lomwe analimaliza mu 1936, miyezi yochepa asanaphedwe, ndipo linaonetsedwa koyamba ku Buenos Aires mu 1945. Mwamuna wake atamwalira, Bernarda akulamula kuti ana ake aakazi asanu akhale pa maliro zaka zisanu ndi zitatu osatuluka m'nyumba. Onani bwino kuti wosunga lamulo lopondereza akaziwo ndi mkazi mnzawo, ndipo chimene chikumuyendetsa ndi mantha a zimene anthu a m'mudzi anganene. Wowerenga amene akungofunafuna mwamuna wankhanza woti amuloze chala sadzamupeza pabwalo. Pepe el Romano, yemwe atatu mwa ana a Bernarda akumulimbirana m'mitima, saonekera ngakhale kamodzi, komabe nyumba yonse ikuzungulira pa iye. Onaninso ndalama: Pepe akufunsira Angustias, wamkulu pa onse, chifukwa ndiye ali ndi chuma chimene bambo ake anamusiyira, pamene usiku akukumana ndi Adela, wamng'ono pa onse. Zinthu zogwirika nazo muziwerenge ngati mawu. Diresi lobiriwira la Adela pakati pa zovala zakuda, makoma oyera, ndiponso ndodo ya Bernarda imene Adela akuithyola chakumapeto, zikunena zimene apangankhani sangathe kunena mokweza.

Amuna nawonso muwafunse mafunso omwewa, chifukwa lamulo lomwe limawapatsa ufulu limawamanganso kwina. Hippolytus sakutha kudziyeretsa mokwanira pamaso pa bambo ake Theseus chifukwa analumbira kuti sadzaulula zimene mlezi uja anamuuza, ndipo mu Bodas de sangre la Lorca, la mu 1933, mkwati akukakamizika kulondola Leonardo yemwe wathawa ndi mkwatibwi, mpaka onse awiri kuphana. M'pofunikanso kukumbukira, makamaka ngati mukukonzekera kuonetsa sewero, kuti ku Athens mbali za akazi ankazisewera ndi amuna ovala zophimba kumaso, ndipo ku England akazi sanayambe kusewera pabwalo la anthu onse mpaka mu 1660. Mawu a akazi otchukawa analembedwa ndi amuna, kwa nthawi yaitali n'kumalankhulidwanso ndi amuna, ndipo ndi bwino kufunsa ngati tikumva mkazi weniweni kapena mantha a amuna pa mkazi.

Polemba ndemanga yanu, sonyezani njira zimene mpangankhani anali nazo ndi malo enieni amene iliyonse inatsekekera. Adela akudzimangirira Martirio, mmodzi mwa akulu ake, atamupangitsa kukhulupirira kuti mfuti ya Bernarda yapha Pepe, chonsecho mwamunayo wathawa pa hatchi ali wamoyo. Wina angati imfayi yangochitika chifukwa cha bodza, koma bwererani pa zimene Adela ananena poyamba: chachikulu chimene ankayembekezera chinali kukakhala yekha m'kanyumba kwinakwake, wonyozedwa ndi mudzi wonse, kuti Pepe azimuyendera atakwatira mkulu wake. Ikani chiyembekezo chimenechi pambali pa lamulo lomaliza la Bernarda, loti anthu auzidwe kuti mwana wake wafa ali namwali, ndipo mufotokoze mwa mawu anu ngati bodza la Martirio linasintha mathero a Adela kapena linangowafulumizitsa.