Momwe mungapangire ndi kumanga ma rock slider pa Hilux kapena Land Cruiser yanu

Amene amayenda msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja, kapena tinjira ta miyala ta ku Namwera ndi Katuli, amadziwa pamene galimoto imayambira kuphwanyika: kunsi kwa zitseko, pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo. Mwala ukagunda pamenepo bodi imapindikira mkati, chitseko n'kuyamba kuvuta kutseka. Masitepe obwera ndi galimoto musawadalire, ntchito yake ndi kupondapo basi. Ma rock slider ndi zitsulo zomangidwa ku chasisi (chimango chachitsulo chimene bodi imakhalapo), zoti galimoto ikakhala pamwala izitsetsereka nazo bodi isanakhudze. Mmisiri wowotcherera wodziwa ntchito pa Mangochi Boma pompano atha kupanga, bola inu mudziwe zoti mumuuze.

Yambani ndi kuyeza. Imikani galimoto pamalo osalala, muchotse masitepe, muyeze kutalika kwa mpata wa pakati pa matayala. Mbali zonse siyani malo okwanira kuti tayala likamakhota kapena kudumpha lisakhule chitsulo. Kenako lowani kunsi ndi tochi muone chasisi: mabowo alipo kale ali pati, mapaipi a mafuta ndi a mabuleki adutsa pati, thanki ili mbali iti. Chasisi yodyeka ndi dzimbiri ikonzedwe kaye.

Pogula zitsulo, funani paipi yamakona anayi ya mamilimita 50 mbali zonse, yokhuthala osachepera mamilimita 3. Iyi ndiyo msana wa slider, ndipo miyendo yolumikiza ku chasisi mudula pa paipi yomweyi. Mapuleti ogunda pa chasisi akhale a mamilimita 6 kapena 8. Mabawuti akhale a M12 (onenepa mamilimita 12) olembedwa 8.8 pamutu, nambala yosonyeza kulimba kwake; opanda nambala asiyeni m'sitolo momwemo. Ena amakopeka ndi mapaipi a madzi opaka zinki chifukwa sasowa. Utsi woyera umene amatulutsa powotcherera umadwalitsa mutu ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo, ndiye ngati palibiretu zina, zinkiyo ipalidwe ndi girainda ndipo ntchito ichitikire panja.

Tsopano pofunika kudekha ndi pa chasisi, chifukwa mphamvu yonse ya slider ili pamenepa. Paipi yokongola yomangidwa mwachibwana imangothyoka n'kukaboola bodi imene mumafuna kuteteza. Dulani katoni muyesere pa chasisi, mulembe mabowo ndi choko, kenako mujambule pa puleti. Mbali iliyonse ikhale ndi miyendo itatu, pa galimoto ya zitseko zinayi miyendo inayi ndi bwino. Gwiritsani ntchito mabowo amene alipo kale mmene mungathere. Mukakakamizika kuboola, boolani pakhoma la m'mbali mwa chasisi, cha pakati, osati pamwamba kapena pansi pake pamene pamanyamula katundu. Chasisi ya Hilux ndi yamphako, choncho bawuti yopyola mbali zonse ziwiri imafuna kapaipi kolimba mkati, apo ayi mukamamanga makoma awiriwo amafinyika ndipo bawuti imayamba kugwedera. Amisiri ambiri amakonda kungowotcherera puleti pa chasisi chifukwa n'kwachangu. Ine ndimasankha mabawuti: tsiku lofuna kukonza kapena kugulitsa galimoto mumangomasula.

Mapuleti akamangidwa, kwezani paipi yaikulu ija ndi majeke awiri mpaka ifike pamalo ake. Pakati pa paipi ndi bodi pasiyidwe mpata wa masentimita awiri, chifukwa bodi imakhala pa malabala ndipo imasuntha payokha galimoto ikamapotoka m'maenje. Lowetsanipo kathabwa kokhuthala choncho kuti mpata ufanane kutsogolo ndi kumbuyo. Musanayatse makina owotcherera, chotsani waya wa batire, mapaipi a mafuta muwaphimbe ndi lata kapena chiguduli chonyowa, ndipo waya wa efi (earth) wa makinawo umangidwe pa chitsulo chimene mukuwotchereracho. Gwirizitsani miyendo powotcherera timadontho tokha, mutsegule ndi kutseka zitseko zonse. Zikayenda bwino, masulani slider yonse mukamalizire kuwotcherera pansi, kutali ndi thanki.

Powotcherera komaliza, mmisiri asamalize mbali imodzi yonse nthawi imodzi, chitsulo chimakoka n'kupindika, mabowo osagwirizananso. Azisinthasintha malo. Ndodo zowotcherera za 6013 ndizo zofala, koma pa miyendo ndi mapuleti za 7018 zimagwira mwamphamvu, zikakhala zouma bwino. Pamene mwendo wakumana ndi puleti pamafunika kachitsulo ka makona atatu kochirikiza. Ngati mukufuna paipi yachiwiri yakunja yopondapo, ipendekere m'mwamba pang'ono, ndipo mmisiri wopanda makina opindira asaipinde ndi moto. Adule mopendeketsa n'kulumikiza.

Mapeto a mapaipi atsekedwe ndi tizitsulo, chifukwa mchenga wa kunyanja ndi matope zikalowa zimadya chitsulo kuchokera mkati. Palani ndi girainda, pakani red oxide (utoto woteteza ku dzimbiri), ikauma mupake utoto wakuda kawiri. Mabowo amene mwaboola pa chasisi nawonso apakidwe.

Pomanga komaliza ikani mawasha ndi manati osamasuka okha, mumange onse pang'onopang'ono musanalimbitse. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani jeke pansi pa slider, mukweze mpaka tayala linyamuke. Ikapindika kufika pokhudza bodi, onjezani mwendo kapena zochirikiza. Mukabwerako ulendo woyamba wa msewu wafumbi, kaya ndi ku Malindi kaya ku Makanjira, lowaninso kunsi ndi sipanala mukhwimitse mabawuti onse.