Momwe mungafikitsire luso lanu ku misika ikuluikulu ya zojambula kunja

Ojambula ambiri amaganiza kuti akangolemba kalata ku FNB Art Joburg kapena ku 1-54 ya ku London, awapatsa malo. Ayi ndithu. M'zionetsero zoterezi amene amapempha malo kawirikawiri ndi ma gallery, makampani ogulitsa zaluso. Iwo ndiwo amalipira malo, komiti n'kuwasankha kapena kuwakana. Choncho njira yanu idzera mwa iwowo.

Yambani ndi ntchito yogwirizana. Zithunzi khumi kapena khumi ndi zisanu zolankhula nkhani imodzi zimaposa mulu wa zosakanizika. Za njovu ndi dzuwa likulowa panyanja zimayenda kwa alendo a ku Cape Maclear, koma ku zionetserozi sizipita patali. Taonani Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973: amasoka zidutswa za nsalu ya silika kuonetsa moyo wa pakhomo, ndipo ukangoona umadziwa kuti ndi dzanja lake. Samson Kambalu naye anaimika chiboliboli cha John Chilembwe pa bwalo la Trafalgar Square ku London mu 2022. Onsewa ali ndi chonena chawochawo.

Jambulani ntchitoyo bwino ndi kamera. Kuwala kwa masana, khoma loyera, opanda fulashi. Pansi pa chithunzi chilichonse lembani dzina lake, chaka, zipangizo ndi kukula kwake m'masentimita. Onjezani mbiri yanu ndi ndime imodzi yofotokoza zomwe mumapanga, zonse mu PDF imodzi.

Sankhani gallery yoyenera. Mawebusaiti a zionetserozi amaika mndandanda wa ma gallery omwe anabwera. Ufufuzeni. Investec Cape Town Art Fair imachitika mu February, ya ku Johannesburg cha mu September, 1-54, yomwe Touria El Glaoui anayambitsa mu 2013, imakhala mu October ku Somerset House, pamene ART X Lagos ndi ya mu November. Musayambire pa zimphona. Yang'anani oyandikana nafe ngati First Floor Gallery ya ku Harare, ndipo lemberani okhawo amene zomwe amagulitsa zikufananako ndi zanu. Akakhala chete, dikirani miyezi ingapo, mutumizenso zatsopano.

Osatulutsa kanthu popanda mgwirizano wolembedwa. Apa ndiye pamene ambiri amalirira. Nthawi zambiri gallery imatenga theka la mtengo, ndipo musadabwe, chifukwa malo, magetsi, mayendedwe ndi antchito zonse zili pamutu pake. Koma pepala linene momveka: mitengo yake ndi iti, angatsitse kufika pati wogula akamanenerera, adzakulipirani pakatha masiku angati, mu ndalama yanji, ndani alipira inshuwalansi, komanso zotsala zidzabwerera bwanji. Chithunzi n'chanu mpaka chitagulidwa. Wina akakuuzani kuti mulipire kaye ndalama zambiri kuti akuonetsereni, chenjerani naye. Ndipo mukagwirizana mtengo, musagulitse zofanana nazo motchipa pa WhatsApp; ogula amamva, ndipo gallery ikutayani.

Kutumiza. Nsalu yojambulidwa ikauma bwinobwino mutha kuichotsa pa felemu n'kuikulunga, utoto uli kunja kuti usang'ambike, n'kuiika m'paipi yolimba. Akaikokeranso pa felemu komweko, ndipo mtengo wotumizira umatsika kwambiri. Ziboliboli zimafuna bokosi la matabwa, ndipo mayiko ambiri amafuna matabwa okhala ndi chidindo cha ISPM 15, chosonyeza kuti mulibe tizilombo. Osema asamale ndi mtengo womwe agwiritsa ntchito: mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje zinalowa pa mndandanda wa CITES, mgwirizano wa mayiko woteteza nyama ndi zomera zomwe zili pachiopsezo chakutha, mu 2019, kotero zingafune chilolezo kuti zidutse malire. Za minyanga ya njovu musayerekeze n'komwe. Mapepala a kasitomu funsani ku MRA nthawi ikadalipo, ndipo chinthu chilichonse chipite ndi satifiketi yosainidwa ndi inu yotsimikiza kuti munachipanga ndinu.

Ngati mungathe, pitani. Ku South Africa pasipoti ya Malawi imalowa masiku 30 popanda viza, koma ya ku Britain pemphani msanga. Tsiku lofunika ndi loyamba, la oitanidwa okha, pomwe ogula akuluakulu amasankhiratu zabwino. Za mitengo siyirani a gallery; inu yankhani za ntchito yanu mwachidule, ndipo lembani mayina a onse amene afunsa, kuti mudzawatumizire zithunzi za ntchito yotsatira.