Musanalembe mankhwala m'buku la wodwala: malangizo kwa anamwino a m'zipatala zazing'ono

Anamwino anzanga, makamaka inu amene muli m'zipatala zazing'ono zakumudzi kumene dokotala amafika mwa apo ndi apo, nkhani iyi ndi yanu. Medical assistant akapita kumsonkhano kuboma kapena akadwala, odwala sabwerera kwawo chifukwa iye palibe. Amakhalabe pabenchi, ndipo cholembera chimagwera m'manja mwa namwino. M'magawo ena udindowu tinachita kupatsidwa mwadala: kusikelo ya amayi oyembekezera, kuchipinda cha kulera, ndiponso kumene kumaperekedwa ma ARV. Pamene dziko lathu linayamba ndondomeko ya Option B+ mu 2011, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe ma ARV moyo wake wonse, anamwino ndi azamba ndi amene anasenza gawo lalikulu la ntchitoyo.

Ngozi zambiri sizichokera ku mankhwala achilendo amene timawaopa n'kuyamba tatsegula buku. Zimachokera ku mankhwala amene tinawazolowera, amene dzanja limalemba lokha mzere ukatalika, wodwala asanakwere pasikelo ndiponso asanafunsidwe zimene akumwa kale kunyumba.

Tiyambe ndi sikelo. Mlimi sathira feteleza wofanana pa ekala yathunthu ndi pa kadimba ka kuseri kwa nyumba, ndipo mlingo wa mankhwala nawo umatsata kulemera kwa thupi, osati zaka zimene mayi wanena kapena mmene mwana akuonekera m'maso. Kuno kwathu ana ambiri ndi opinimbira, moti wazaka zisanu akhoza kulemera ngati wazaka zitatu. LA, mankhwala a malungo, amaperekedwa chonchi: makilogalamu 5 mpaka osakwana 15, piritsi limodzi, 15 mpaka osakwana 25, awiri, 25 mpaka osakwana 35, atatu, 35 kupita m'tsogolo, anayi, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Mukachepetsa, malungo amabwereranso. Pa malungo aakulu, jakisoni wa artesunate ndi 2.4 mg pa kilogalamu iliyonse, koma mwana wosakwana makilogalamu 20 amafunika 3 mg pa kilogalamu. Apa ambiri amaganiza kuti mwana wamng'ono ndiye wochepetsera, pamene zoona zake n'zakuti thupi lake limachotsa mankhwalawa mofulumira. Panado amene timamutenga ngati wosavuta uja ndi 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu kwa mwana, osapitirira kanayi pa tsiku, ndipo wamkulu asadutse magalamu 4 pa tsiku. Akapyola, chiwindi chimawonongeka mwakachetechete, zizindikiro n'kudzaoneka patapita masiku. Sikelo ikafa, musazolowere kuyerekeza ndi maso. Lembani kalata kwa oyang'anira, bwerekani ya kusikelo ya ana, chitanipo kanthu tsiku lomwelo.

Tsono funso limene limadumphidwa kwambiri, limenenso ndikufuna tikhalepo nthawi: "Kodi pali mankhwala ena amene mukumwa?" Mukafunsa motero basi, ambiri amayankha kuti ayi. Kwa iwo ma ARV si mankhwala a matenda amene abwera nawo lero, jakisoni wa kulera samuwerengera, azitsamba amachita nawo manyazi, ndipo a kugolosale anawaiwala. Funsani chimodzichimodzi, motsitsa mawu, chitseko chili chotseka: Mumalandira ma ARV? A TB? A khunyu, a shuga, a BP? Muli pa njira iti ya kulera? Mwagulako chiyani musanabwere kuno? Mwamwako za kwa asing'anga? Kenaka tsegulani buku lawo la kuchipatala masamba a m'mbuyo, ndipo funsani ngati ali ndi buku lina, chifukwa alipo amene amasunga awiri.

Chifukwa chake n'chakuti mankhwala amakumana m'thupi, makamaka m'matumbo ndi m'chiwindi, ndipo ena amafooketsa anzawo. Anthu ambiri a ma ARV masiku ano akumwa TLD, amene muli dolutegravir. Munthu wotereyu akayamba mankhwala a TB, rifampicin amachititsa chiwindi kuphwanya dolutegravir mofulumira, kotero amafunika piritsi lina la dolutegravir la 50 mg patapita maola 12 kuchokera pamene wamwa TLD. Mukaiwala, kachilombo kamayambanso kuchulukana munthu akumwa mankhwala mokhulupirika, ndiye mawa tidzamunena kuti amadumphitsa. Mankhwala a khunyu amene timakhala nawo kawirikawiri, phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin, nawonso amatsitsa dolutegravir. Wodwala wotere musamusinthire nokha, kambiranani ndi a ku kiliniki ya ma ARV. Mapiritsi owonjezera magazi amene timapatsa amayi oyembekezera, komanso mankhwala a chilungulira okhala ndi magnesium kapena aluminium, amamata dolutegravir m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Njira yake ndi kuwatalikitsa: TLD amwedwe maola awiri asanamwe enawo, kapena maola 6 atamwa kale. Kwa wodwala shuga zimatembenuka: dolutegravir amakweza metformin m'magazi, choncho mlingo wa metformin uyenera kuyang'aniridwa.

Rifampicin yemweyo amafooketsa mapiritsi a kulera ndi njira ya pamkono, Jadelle kapena Implanon. Mayi akhoza kutenga pakati kachipangizo kali pamkono, ndipo kunyumba kukhoza kubuka mlandu umene sanaupalamule. Muuzeni poyamba pomwe, ndipo mukambirane za Depo kapena lupu pamodzi ndi makondomu. Mayi woyembekezera amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV sapatsidwanso Fansidar wa kusikelo, popeza onsewa ndi a mtundu umodzi wa salufa. Ndipo aliyense amene anatulukapo zilonda m'kamwa, maso kufiira ndi khungu kusupuka atamwa amodzi mwa awiriwa asadzapatsidwenso alionse mwa iwo. Zimenezi zilembeni ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto cha buku lake.

Mkazi aliyense wa msinkhu wobereka mufunseni tsiku limene anasamba komaliza musanalembe chilichonse. Doxycycline si wa mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka 8. Brufen apewedwe m'miyezi yomaliza ya pakati, komanso kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso. Aspirin si wa mwana amene watentha thupi.

Kuchipinda chochirira kuli mankhwala amodzi amene amapulumutsa moyo koma sakhululuka mukalakwitsa: magnesium sulphate, wa mayi amene BP yakwera mpaka kuyamba kukomoka. Poyambira ndi magalamu 4 mumtsempha, osungunulidwa kufika pa 20 peresenti ndi kubayidwa pang'onopang'ono, kenaka magalamu 5 thako lililonse. Musanabaye mlingo wotsatira pakatha maola anayi, werengani kapumidwe kuti kasatsike pansi pa 16 pa mphindi, gogodani bondo muone ngati mwendo ukudzidzimuka, ndipo onani ngati mkodzo ukufika 30 ml pa ola. Calcium gluconate, amene amathetsa mphamvu ya magnesium sulphate akachuluka m'thupi, akhale pafupi, pamalo amene aliyense wa usiku akuwadziwa. Kuopa magnesium sulphate n'kumutumiza mayi ulendo wautali osamubaya mlingo woyamba n'koopsanso kwambiri.

Za maantibayotiki ndinena mosabisa. Chimfine sichimva amoxicillin, ndipo kutsegula m'mimba kwa mwana kopanda magazi kumafuna Thanzi ORS ndi zinc. Ndikudziwa kuti wodwala amene wayenda mtunda wautali amaona ngati mwamunyoza mukamupatsa Panado yekha, ndipo ena amachita kupempha jakisoni. Komabe kafukufuku wa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anasonyeza kuti tizilombo tina toyambitsa matenda a m'magazi, monga Klebsiella, tayamba kusamva ceftriaxone, ndipo amene amavutika kwambiri ndi makanda obadwa kumene. Dziko lino linaonapo kale mankhwala akutha mphamvu: chloroquine tinamusiya mu 1993, Fansidar amene analowa m'malo mwake tinamusiyanso mu 2007 n'kuyamba LA. N'chifukwa chake LA saperekedwa popanda kuyeza magazi, ngakhale mayi atalimbikira kuti malungo a mwana wake amawadziwa. Zotsatira zikasonyeza kuti malungo mulibe, funafunani chimene chikutenthetsa thupi: khutu, pakhosi, chifuwa, mkodzo, khosi louma.

Nanga lamulo likuti chiyani? Chiphaso chanu chimachokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo chimakulolani kugwira ntchito imene munaphunzitsidwa, osapitirira apo. Kusowa kwa dokotala sikukulitsa malire amenewo. Mankhwala enieniwo amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA), bungwe limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019. Chokutsogolerani tsiku ndi tsiku ndi buku la Malawi Standard Treatment Guidelines, limene limasonyezanso mankhwala oyenera pa chipatala chaching'ono, cha paboma ndi chachikulu. Buku limeneli likhale patebulo, osati m'kabati ya a in-charge, ndipo musachite manyazi kulitsegula wodwala akuona. Onetsetsaninso kuti ndi latsopano, pakuti malangizo amasintha. Mwachitsanzo, kwa zaka zambiri tinaphunzira kuti mayi wa pakati pa miyezi itatu yoyamba sapatsidwa LA, koma mu 2022 bungwe la WHO linavomereza kuti akhoza kupatsidwa. Zotere tsatirani kalata zimene Unduna wa Zaumoyo umatumiza.

Morphine ndi pethidine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, ali pansi pa lamulo la Dangerous Drugs Act (DDA). Amakhala m'kabati ya DDA yokhoma, ndipo botolo lililonse lotuluka limalembedwa m'kaundula nthawi yomweyo: dzina la wodwala, mlingo, amene walamula, amene wabaya ndi mboni. Werengani otsala pamodzi posinthana ntchito, musasayine chimene simunaone ndi maso anu, ngakhale amene akukupemphaniyo ndi mnzanu wapamtima. Koma ukali wa lamuloli usakhale chifukwa chomusiyira wodwala khansa akubuula. Kumene kuli chilolezo ndi wolemba woyenera, morphine wakumwa aperekedwe pa nthawi yake, pamodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi, popeza morphine amadzimbitsa.

Palinso mayesero a kumudzi. Achibale, a kumpingo, anansi amatumiza uthenga pa WhatsApp kuti mungowauza dzina la mankhwala, kapena muwatengereko pang'ono kuchipatala. Kulembera munthu amene simunamuone n'kuika moyo wake ndi chiphaso chanu pachiswe, ndipo kutulutsa mankhwala a boma popanda kulemba ndi mlandu wa kupolisi. Auzeni mwaulemu kuti abwere adzaonedwe.

Polemba, ganizirani mnzanu amene adzawerenge bukulo usiku ku chipatala china inu kulibe. Pakhale tsiku, kulemera kwa wodwala, matenda amene mwapeza, dzina lenileni la mankhwala osati la kampani, mlingo, kangati pa tsiku, masiku angati, dzina lanu ndi siginecha yowerengeka. Lembani 0.5 osati .5, ndipo lembani 5 osati 5.0, chifukwa kadontho kakafufutika mlingo umachuluka kakhumi. Pa insulin lembani mawu onse akuti units, popeza U wolembedwa mothamanga amaoneka ngati 0. Mukalandira lamulo la dokotala pafoni, libwerezeni mokweza iye akumva, n'kulemba nthawi ndi dzina lake. Wodwala akadana ndi mankhwala, dzazani fomu yodziwitsa a PMRA ngakhale musanatsimikize kuti olakwa ndi mankhwalawo.

Wodwala asanadzuke, musamufunse kuti "Mwamva?" pakuti aliyense amavomera mwaulemu. Mupempheni akuuzeni yekha mmene akamwere. Ngati ndi LA, amwe oyambawo pamaso panu, adziwe kuti achiwiri ndi pakatha maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo, ndiponso kuti amwe atadya chakudya cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro kapena mkaka kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Mwana akasanza pasanathe theka la ola, apatsidwenso mlingo womwewo. Ngati mayi sadziwa kuwerenga, jambulani dzuwa ndi mwezi pakapepala ka mankhwala, ndipo mumuuze zizindikiro zoti akaziona abwerere msanga osadikira kuti mapiritsi athe: kukomoka, kusanza chilichonse, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kupuma mobanika.