Ma credit a koleji mwana akadali ku high school: mbuna yomwe ndinagwamo

Abale anga a kuno ku America, makamaka inu mwangofika ndi ana a giredi 9 ndi 10, tamverani. Mwana angathe kutolera ma credit a koleji, mapointi amene kalasi iliyonse imawonjezera pa digiri, asanamalize high school. Digiri imafuna pafupifupi 120, ndiye amene mwana wapezeratu ndi ndalama yotsala m'thumba. Njira zodziwika ndi AP, mayeso a College Board olembedwa mu May, ndi dual credit, pomwe mwana amatenga kalasi ya koleji ali pasukulu pomwepo. Kulembetsa ndi kwa counselor wa pasukulu, basi.

Ine counselor ndinamulambalala. Ndinathamangira kwa bambo wina wa kutchalitchi kwathu, wodzitcha mlangizi wa zamaphunziro, jekete yowala, Chingerezi choterera. Anati za pasukulu n'zochedwetsa, iye akudziwa koleji ya pa intaneti yachangu. Ndinalipira ndi thukuta la ma double shift ku nursing home, mwana wanga akugona 1 koloko usiku. Yunivesite itaona transcript, chikalata cha magiredi a mwana, inangoti accreditation ya kolejiyo, chivomerezo chakuti ndi sukulu yoyenera, saivomereza. Ma credit 12, onse m'madzi. Nditawaimbira bambowo anati: "Mayi, mbali yanga ndinamaliza." Lamlungu amandipatsabe moni, osagwetsa ndi nkhope yomwe.

Chondiwawa n'chakuti kuno ku Indiana makalasi a Ivy Tech, koleji ya boma ya zaka ziwiri, ophunzitsidwa ku high school ndi aulere, ndipo Indiana College Core, gulu la makalasi oyambira okwana ma credit 30, imalandiridwa m'mayunivesite aboma a state yonse. Zinali pakhomo panga!

Musanatulutse dola ngakhale imodzi, lemberani imelo yunivesite imene mwana akuifuna, ayankhe molemba kuti kalasiyo adzaiwerengera. Za pafoni amakana mawa. Pa AP, pomwe magiredi amayambira 1 mpaka 5, musavine msanga ndi 3, mayunivesite ena amafuna 4 kapena 5. Giredi ya dual credit imakhala pa transcript ya koleji mpaka kalekale, F angathe kudzasokoneza financial aid, choncho tsiku lomaliza losiyira kalasi lilembeni pa fuliji. Komanso koleji siidzakuuzani mmene mwana akukhozera ngati iye sanasainire, lamulo la FERPA limenelo, musakakalipire anthu pa ofesi.

Mapulogalamu otere amasiyana state ndi state: zimene achimwene anu aku Seattle akunena za Running Start ndi za ku Washington, Minnesota ili ndi PSEO yake. Ndipo chonde, lekani kusenzetsa mwana makalasi asanu kuti mukadzitame pa gulu la WhatsApp. Ayambe ndi imodzi.