Kuwotcherera pa saiti: mmene mungatetezere maso, chifuwa ndi moyo wanu

Amene anagwirapo holda, chogwirira rodi powotcherera zitsulo, akudziwa, zambiri pa ntchito yathuyi sizipweteka nthawi yomweyo ayi, umaweruka bwinobwino, kusamba, kudya nsima, kenako pakati pa usiku maso ayamba ngati wina wathiramo mchenga, misozi chuchuchu, kutsegula kukanika kutseka kukanikanso. Ine zinandichitikira ndikuphunzira kumene ntchito, tsikulo sindinawotcherere n'komwe, ndimangogwirizira ma tirasi bwana akuwotcherera. Ndiye tiyambire pa maso pompo.

Kuwala kwa welodingi kumawaula pamwamba pa diso ndipo ululu wake umabwera pakadutsa maola 6 mpaka 12. Magalasi a dzuwa ogula pamsika aja sateteza anzanga, ngakhalenso zija zotsinzina n'kutembenuza nkhope pomata pang'ono. Pezani helemeti kapena shildi ya galasi lakuda lenileni, nambala yake imalembedwa pagalasipo. Pa ma rodi a mamilimita 2.5 ndi 3.2 omwe timagwiritsa ntchito kwambiri shedi (nambala ya kuda kwa galasi ija) 10 kapena 11 imakwana, mukakweza ma ampu pitani pa 12. Galasilo likang'aluka ngakhale pang'ono sinthani. Mnyamata wokugwirirani chitsulo akhalenso ndi yake, ndipo musanayatse muzikuwa kuti "maso!" omanga njerwa ali pafupi atembenuke.

Maso akawauka musatikite. Ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira pamaso otseka, khalani mumdima, imwani panado, nthawi zambiri zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Zothira mkaka kapena madzi a shuga m'maso chonde siyani, mukhoza kulowetsamo matenda. Zikapitirira masiku awiri, kapena kachitsulo ka galainda kalowa m'diso, musakachotse ndi kamtengo ka machesi monga timachitira muja, thamangirani kuchipatala, ku Queens ndi ku Kamuzu Central kuli zipatala za maso za Lions.

Pano utsi, ndipo apa ndi pamene ndimadandaula kwambiri chifukwa ambiri timauona ngati si kanthu. Paipi kapena lata la galivanaizi likamawotchedwa limatulutsa utsi woyera wa zinki, ukaupuma madzulo ake thupi kutentha, kuzizidwa, mutu, m'kamwa kumveka ngati wanyambita chitsulo, ndiye munthu amati ndi malungo n'kukagula LA pomwe ndi utsi uja. Kumwa mkaka sikuteteza, mkaka umapita m'mimba utsi umapita m'mapapo. Palani kaye galivanaizi ndi penti pamalo pomwe mukufuna kuwotchererapo, imani mbali yoti mphepo izichotsa utsi kumaso kwanu osati mutu uli pamwamba pa utsi penipeni, ndipo valani masiki yosefa utsi ndi fumbi ya mtundu wa FFP2 kapena yoposa apo pansi pa helemeti, ya nsalu ija sithandiza. Mu 2017 bungwe lofufuza za khansa la IARC lomwe lili pansi pa WHO linaika utsi wa welodingi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. M'kati mwa thanki kapena chipinda chotsekeka musalowe nokha, pakhale mpweya wolowa komanso munthu panja wokuyang'anirani.

Magetsi nawo. Makina ambiri a rodi amakhala ndi ma volti 50 mpaka 80 pa holda ngakhale simukuwotcherera, manja ali ouma mwina simumva koma thukuta lili kamukamu mwezi wa Okutobala kapena mwaponda ponyowa, akhoza kukugwedezani, ndipo ngati muli pamwamba pa sikafodi chokuphani ndi kugwako. Rodi musinthe mutavala magolovesi ouma, kebulo yosupuka musamange ndi jumbo, ethi, kebulo yomanga pachitsulo chomwe mukuwotcherera ija, muimange pafupi ndi pomwe mukuwotcherera, mvula ikayamba zimitsani basi. Makina opanga tokha aja, a mawaya apoyera, akhale m'bokosi pamalo ouma. Pamwamba valani hanesi, malamba oteteza kugwa aja, ndipo muikole pachinthu cholimba, osati pa tirasi yomwe mwangomata kumene.

Zovala zikhale za thonje, ovololo kapena jinzi yolimba ya manja aatali, chifukwa malaya a nayiloni a pa kaunjika amasungunuka n'kumatirira pakhungu. Buluku litsike pamwamba pa jombo kuti mphaliphali zisalowe, patapata ayi ndithu. Mukapsa thirani madzi ozizira kwa mphindi 20, osati kolugeti kapena mafuta. Galainda musaichotse gadi yake, ndipo tsekani makutu.

Mgolo womwe munali petulo, dizilo kapena thina musaudule kapena kuuwotcherera pongoti mulibe kanthu, mpweya wotsalira m'katimo ndi umene umaphulika. Mukamaliza ntchito dikirani mphindi zosachepera 30 mukuzungulira kuona ngati matabwa, mapepala a simenti kapena udzu sizikufuka.

Zida zodzitetezerazi kwa wolembedwa ntchito ndi udindo wa bwana kupereka, lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 lilipo, komanso Workers' Compensation Act ya 2000 ya chipukuta misozi mukavulala pa ntchito. Ndiye mukavulala uzani folomani tsiku lomwelo, alembe, sungani mapepala onse akuchipatala n'kupita nawo ku ofesi ya leba ya m'boma lanu.