Mimba ikapweteka mpaka kumsana, musagone nayo kunyumba

Abale anga a ku Tsangano, Lizulu ndi Bembeke, mbatata ya kachewere ikagulitsidwa ndalama zimalowa m'thumba, kachasu nayenso amayenda. Nyengo imeneyi ndimada nkhawa ndi nthenda yotupa kapamba mwadzidzidzi.

Kapamba ali kuseri kwa chifu, ndipo amatulutsa insulini (yowongolera shuga m'magazi) ndi madzi ogaya chakudya. Akatupa, madziwo amayamba kugaya kapamba mwiniwakeyo. Zoyambitsa zazikulu ndi ziwiri: mowa wambiri, ndi timiyala ta m'ndulu tikatseka njira ya madziwo. Timiyalati timavuta kwambiri amayi, choncho musaweruze kuti aliyense wodwala nthendayi ndi chidakwa. Mafuta ochuluka m'magazi, njoka za m'mimba, kuvulala pamimba ndi mankhwala ena zimayambitsanso.

Muyang'aneni wodwalayo. Ululu uli pamwamba pa mchombo ndipo ukubaya mpaka kumsana. Akusanza koma sakupeza bwino. Kugona chagada kukumukanika, wangokhala chowerama atakumbatira mawondo. Apa ambiri amati ndi zilonda za m'mimba, n'kumumwetsa soda kapena kumutemera mphini. Chonde musatero, tsiku lotayikalo ndi lomwe impso zingayambe kufooka.

Mwa odwala 10, pafupifupi 8 amachira pakatha sabata imodzi. Enawo nthendayi imatha kuwagwira impso, mapapo kapena mtima, ndipo ziwalozi zikalephera kupitirira maola 48 moyo uli pachiswe. Kupuma mobanika, mkodzo wochepa, thukuta lozizira, maso achikasu kapena kubwebweta: pezani galimoto usiku womwewo.

Kuchipatala cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu, auzeni adokotala zoona za mowa umene wodwala wamwa ndi mankhwala onse amene akumwa. Nthendayi imadziwika poyeza magazi, ndipo timiyala timaoneka pa sikani. Chithandizo chachikulu ndi diripi ndi mankhwala amphamvu oletsa ululu. Kusanza kukaleka, wodwala amayamba kudya msanga, phala lopanda mafuta pang'onopang'ono. Maantibayotiki saperekedwa pokhapokha pakhale tizilombo. Zikavuta amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mukatuluka, mowa usiyeni ndithu, ngakhale wamasese, ndi fodya yemwe. Ngati anakuuzani zochotsa ndulu, tsiku la opaleshoni musaliphonye, chifukwa timiyala totsalato timabweretsanso nthendayi. Ngakhale mankhwala ena amayambitsa nthendayi, amene muli pa ma ARV musasiye nokha mankhwala, kambiranani ndi adokotala.