Musanagule sola, khalani kaye pansi ndi cholembera

Anthu ambiri amene amandiitana kuti ndikawaonere sola amayamba ndi dandaulo limodzi: batire ndi lachinyengo, silinathe n'chaka chomwe. Ndikafika ndimapeza kuti batirelo linalibe mlandu. Linasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake, chifukwa mwini nyumba anagula kaye zipangizo n'kumaganiza pambuyo zoti azilumikizako chiyani. Masamu ake ndi a ku pulayimale, ndiye tiyeni tiwachite limodzi.

Tembenuzani chipangizo chilichonse chimene mukufuna kuti chiziyaka, muone nambala yotsatana ndi chilembo W. Amenewo ndi mawati. Chulukitsani nambalayo ndi maola amene chipangizocho chimayaka pa tsiku, ndipo yankho lake limalembedwa kuti Wh. Tiyerekeze nyumba yokhala ndi mababu anayi a LED a mawati 5, oyaka maola 5: imeneyo ndi 100 Wh. TV ya mawati 40 kwa maola 4 ndi 160 Wh, dekoda ya mawati 10 ndi 40 Wh, kutchaja mafoni atatu tingoikapo 30 Wh. Zonse pamodzi 330 Wh. Apa musadzinamize. Ngati ana amaonera TV kuyambira masana, lembani maola enieniwo, osati amene inu mumafuna. Wonjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi, poti mphamvu ina imatayika mu inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kuti akhale ngati a ESCOM), m'mawaya ndi m'batire momwe. Tafika pa 410 Wh kapena kuposera pang'ono. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi 1,000 Wh, choncho nyumba yonseyi sikufika ngakhale theka la yuniti.

Tsopano batire. Gawani 410 ndi mavoti 12 a batire, mupeza pafupifupi 34 Ah (Ah ndi muyezo wa mphamvu imene batire limasunga). Ambiri amathera pomwepa n'kuthamangira kukagula batire la 40 Ah, ndipo ndi pamene imfa ya batire imayambira. Batire la asidi, kaya lothira madzi kaya la gel, silifuna kutsitsidwa kupyola theka. Lili ngati nkhokwe imene pansi pake mumasiya mbewu: mukakokolola zonse, chaka chamawa mulibe poyambira. Ndiye 34 Ah uja muchulukitse kawiri, akhale 70 Ah. Kenako kumbukirani kuti dzuwa silimalonjeza. Anzathu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre akudziwa mmene chiperoni chimaphimbira thambo mu June ndi July, mwinanso masiku angapo otsatizana. Kuti mupirire tsiku limodzi lamitambo, chulukitsaninso kawiri, mugule la 150 Ah. Batire la lithium limalola kutsika kwambiri osawonongeka, koma mtengo wake ndi wina. La galimoto lisiyeni m'galimoto. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa polizitsa injini, osati kuyatsa TV usiku wonse.

Panelo ndiyosavuta. Ngakhale kumawala tsiku lonse, dzuwa lamphamvu lenileni ine ndimaliwerengera maola 5. Gawani 410 ndi 5, mupeza mawati 82. Koma mawati olembedwa kumbuyo kwa panelo anayezedwa panelo ili yozizira pa madigiri 25, pomwe pamalata mu October imatentha moti simungaigwire, ndipo ikatentha imapereka zochepa. Ine pamenepa ndimauza munthu kuti agule ya mawati 150. Iyang'ane kumpoto, chifukwa ife tili kumwera kwa equator, ndipo ipendekeke pafupifupi madigiri 15 kuti mvula izitsuka fumbi. Siyani mpata pansi pake mphepo izidutsa. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango, ngakhale utagwera pakona pokha, umatsitsa mphamvu ya panelo yonse.

Pamene pamandipweteka mtima ndi pa waya. Munthu wagula panelo yabwino, batire labwino, kenako n'kulumikiza ndi kawaya kowonda kotsala pa mababu. Waya wa kopa wa 1.5 mm² wotalika mamita 10 umakhala mamita 20 tikawerenga kupita ndi kubwera. Panelo ya mawati 150 imatulutsa pafupifupi maampu 8 (muyezo wa magetsi oyenda m'waya), ndipo m'kawayako mumatsalira mavoti pafupifupi 2, amene amangosanduka kutentha. Pa magetsi a ESCOM a mavoti 230, kutaya 2 palibe angazindikire. Pa mavoti 12 ndi nkhani ina. Mukaika waya wa 6 mm², zotayika sizifika theka la voti. Waya akhale wonenepa ndi waufupi, makamaka wochoka ku batire kupita ku inveta.

Chifukwa chomwechi ndi chimene ndimakanizira ketulo ndi ayironi pa sola yaing'ono. Mawati ndi mavoti kuchulukitsa ndi maampu. Ketulo ya mawati 2,000 pa mavoti 12 imakoka maampu oposa 160, ndipo batire lathu lija likhoza kufika theka lisanathe theka la ola, ngati waya sanayambe wasungunuka. Zophikira ndi zotenthetsa zisiyireni mbaula kapena gasi.

Polumikiza, dongosolo lake musalisinthe. Kontirola (chipangizo choyang'anira katchajidwe ka batire), ya maampu 20 kuti mukhale ndi mpata, ilumikizeni ku batire poyamba, panelo pambuyo. Pochotsa yambani ndi panelo. Inveta ipite ku batire mwachindunji, osati pa timabowo ta mababu ta pa kontirola. Ikani fyuzi pa waya wofiira pafupi penipeni ndi batire, chifukwa mawaya awiri a batire akakhudzana batire limatulutsa moto wokwanira kuyatsa denga la udzu. Batire lothira madzi limatulutsa mpweya wa hydrogen likamatchajidwa, choncho lisakhale m'bokosi lotsekeka kapena pafupi ndi kandulo, ndipo muzithiramo madzi a batire okha, osati a pa mjigo.

Gulaninso ka multimeter kotchipa, koyezera mavoti a batire. M'mawa dzuwa lisanatuluke, zimitsani zonse, dikirani pang'ono, muyeze. Batire la asidi lodzaza limaonetsa mavoti cha m'ma 12.7, ndipo 12.2 ndiye kuti latsala theka. Mukamapeza zosakwana 12 m'mawa uliwonse, chepetsani maola a TV kapena wonjezerani panelo sabata yomweyo.